Ola Limodzi la a Ndowa

Ine ndi bambo anga tinakhala zaka zisanu ndi zinayi tikulankhulana ngati anthu okumana pamalo okwerera basi: mwadzuka bwanji, ndadzuka, basi. Chifukwa chake chinali ola limodzi lokha, la tsiku limene mayi anga anamwalira. Ndikufuna ndifotokoze za olalo, koma ndiyambe ndakuuzani kuti bambo angawo anali munthu wotani, chifukwa ngakhale ine mwana wawo ndinachedwa kuwadziwa.

Kuntchito ankawatcha a Ndowa. Dzinali linawakanirira moti ana a pamzere wathu ankaganiza kuti ndi la makolo. Ankagwira pakampani yogumula nyumba zakale zosanja, ndipo ntchito yawo inali yolonda moto. Sindikunena zozimitsa moto ngati anthu a galimoto yofiira aja, ayi. Kulonda. Pogumula nyumba pamakhala munthu wodula zitsulo ndi moto wa gasi. Akamadula, mbaliwali zimathetheka n'kugwera paliponse: m'ming'alu, kuseri kwa matabwa, mu utuchi, m'siling'i. Zambiri zimazima pomwepo. Koma ina imagona phee, kudikira kuti anthu achoke. Ndiye bambo ankaima pambali pa wodulayo ndi ndowa ziwiri, ina ya madzi, ina ya mchenga, komanso botolo lofiira lozimitsira moto. Wodula akatseka gasi wake n'kumapita, iwo ankatsala pomwepo ola lathunthu. Limeneli linali lamulo la ntchito, kungoti m'malo ambiri lamuloli limathera papepala. Bambo ankalisunga kuposa mmene ena amasungira tsiku lopemphera.

Ankakhala pa buloko ya simenti, wotchi yawo yosweka galasi ataiika pabondo. Pakapita mphindi khumi ankadzuka, kununkhiza uku ndi uku, kutsikira kunsanjika yapansi, kukweranso, kenako n'kumagunda khoma ndi kuseri kwa dzanja. Ndili mwana ndinawafunsa chifukwa chimene sankagwirira ndi chikhatho ngati anthu ena onse.

“Chikhatho chinakhakhala ndi ntchito, chimanama,” anatero. “Kuseri kwa dzanja sikunama. Ukapeza pofunda, usachoke. Uchoke pakazizira.”

M'mawa ankafika anzawo asanafike, choko chili m'thumba la ovololo. Ankati nyumba yogumulidwa imasintha tsiku ndi tsiku, masitepe amene unatsikira dzulo lero kulibe. Ndiye ankayamba kumwamba kwenikweni n'kuyenda njira yonse yotulukira mpaka panja, akufufuta mivi ya dzulo ndi kansanza konyowa, n'kujambula ina yoloza kumene lero kuli njira. Pakhomo la masitepe ankalemba nambala ya anthu amene akwera. Wina akatsika, ankafufuta n'kulemba ina. Anali munthu wofatsa, woti ngakhale utawaponda ankayamba ndiwo kupepesa. Koma mukasiya wilibala kapena mulu wa matabwa panjira yawo ya mivi, eee, m'pamene munkadziwa kuti a Ndowa ali ndi mawu.

Anzawo ankawaseka, nanga akanaleka? Munthu akutuluka thukuta ndi chinyundo, mnzake ali tambalale pa buloko. “A Ndowa, pepanitu ndi ntchito, matako sanachite matuza?” Bambo ankangomwetulira n'kuyankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Zaka makumi awiri ndi zitatu anagwira ntchitoyo, ndipo pamalo onse amene iwo analonda sipanapse ngakhale chipewa. Vuto lake linali lomwelo. Womanga amakuloza khoma kuti ili ndinamanga ndine. Bambo akanaloza chiyani?

Ine zinkandichititsa manyazi, ndisakubiseni. Tsiku lina kusukulu aphunzitsi anafunsa ntchito za makolo athu, ine n'kunena kuti bambo anga amazimitsa moto. Mtsikana wina, mwana wa womanga, anaseka n'kunena kuti, “Bodza! Bambo ake amangokhala pa buloko kulondera ndowa.” Poweruka ndinamukhalira pamimba mpaka anabweza mawu akewo. Bambo atamva sanandikwapule. Anangopukusa mutu n'kunena kuti, “Iwe ndiwe tsabola.” Kuyambira tsiku limenelo dzina langa kwa iwo linali Tsabola.

Kunyumba anali chimodzimodzi. Mayi anali telala, ndiye m'chipinda chochezera munkadzaza nsalu, ulusi ndi tizidutswa. Simbi yositira inali mdani wa bambo. Tikati tinyamuke ulendo, tonse titatchena, tili panja, iwo ankabwerera kukagunda simbi ndi kuseri kwa dzanja, kenako kukasuzumira kukhitchini. Kuukwati wa munthu sitinafikepo nthawi yake. Kabati anaichotsa pawindo, ati yatseka njira yachiwiri. Mayi ankangoseka.

“Ine sindinakwatiwe ndi mwamuna, ndinakwatiwa ndi mphuno,” ankatero akupalasa makina. “Bambo akowa tsiku lodzafika kumwamba adzayamba afunsa kuti khomo lotulukira lili kuti.”

“Nanga pali vuto kufunsa?” bambo ankayankha, onse n'kuseka.

Ankakondana anthu aja, osati zachiphamaso. Bambo akaweruka, mayi ankawapukuta fumbi la simenti m'nsidze ndi kansalu, uku akuwanyoza kuti akalamba tsiku limodzi. Ndi chifukwa chake zimene zinachitikazo zinandipweteka kwambiri.

Ndili ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, mayi anadwala mtima. Anawagoneka m'chipatala masabata atatu, ine ndikuwadwazika. Bambo ankabwera tsiku lililonse akaweruka, kukhala m'mphepete mwa bedi, kuwasisita mapazi otupawo. Ndiye linafika Lachinayi lija. Chakudza sichiimba ng'oma: m'mawa mayi anamwa tiyi bwinobwino, anandiuzanso kuti ndikauze kasitomala wina kuti diresi lake lichedwa. Cha m'ma 3 koloko masana kupuma kunasintha. Nesi anabwera, anawayeza, n'kundikokera pambali. “Ngati pali woti aitanidwe, muitaneni pompano,” anatero.

Bambo sankaloledwa kukhala ndi foni pamene pali gasi, ndiye ndinaimbira kapitawo wawo. Ndinamuuza momveka bwino kuti mayi akutisiya, a Ndowa abwere msanga. Nthawi inali itangopitirira 3 koloko ndi mphindi zisanu. Kuchokera pamene ankagwira ntchito kufika kuchipatala unali ulendo wa mphindi makumi awiri ndi zisanu pa minibasi. Ndinawerengera kuti ikamakwana hafu pasiti adzakhala atalowa.

Zimene zinachitika kumeneko ndinazimva pambuyo pake kwa wodula zitsulo. Ankagumula hotela yakale ya nsanjika zinayi. Wodulayo anali atangotseka gasi 3 koloko yeniyeni, ndipo anadula chitsulo cha pafupi ndi masitepe a matabwa, okhawo amene anatsala m'nyumba yonseyo. Kumwamba kunali anthu khumi ndi mmodzi akuchotsa denga. Kapitawo anabwera akuthamanga n'kuuza bambo kuti apite. Bambo anafunsa kuti atsala ndani pamalopo. Kapitawo anati aziyang'anako yekha, koma akulankhula chonchi n'kuti pageti pali lole yomudikira, foni ili kukhutu. Wodula anali akuitanidwa kale kukakonza payipi kuseri kwa nyumbayo. Bambo anapempha kuti ndiye anthu akumwambawo atsike kaye. Kapitawo anakana, ati denga liyenera kutha lero chifukwa mawa kukubwera chimakina chogwetsera makoma.

Wodula anati bambo anaima pakhomo la masitepe, anayang'ana nambala imene analemba okha ndi choko, anayang'ana kugeti, kenako anakakhala pa buloko yawo n'kuika wotchi pabondo. Akuti wotchiyo inagwa kawiri.

Ine kuchipatala ndinalibe chimene ndinkadziwa. Ndinkangoona mayi akuyang'ana kuchitseko cha wodi. Chikatseguka, maso awo ankawala, n'kupezeka kuti ndi wokolopa kapena m'bale wa wodwala wina. Hafu pasiti inakwana. Inadutsa. Ndinaimbanso, kapitawo sanayankhe. Ndinayamba kutukwana chamumtima, kenako mokweza.

“Usatero,” mayi ananong'ona. “Akubwera. Akungodikira kuti pazizire.”

Amenewa ndiwo anali mawu awo omaliza. Anamwalira 4 koloko itapitirira ndi mphindi khumi, nkhope ili kuchitseko.

Bambo analowa patapita mphindi khumi ndi zisanu, akupumira m'mwamba, fumbi lili mbuu m'nsidze, chipewa cha kuntchito chili m'manja. Ataona kuti nesi watseka makatani anaima njii. Ine misozi inali itauma, munatsala moto wokhawokha.

“Moto unalipo?” ndinawafunsa.

“Ayi, mwanawe. Panalibe.”

“Ngakhale utsi?”

“Ngakhale utsi.”

“Ola limodzi lokha, bambo! Zaka zonsezi, simukanatha kusiya ola limodzi lokha? Mwalondera khoma, mkazi wanu n'kufa akuyang'ana chitseko!”

Anasendera pabedi, natambasula dzanja kuti agunde chipumi cha mayi, ndi kuseri kwa dzanja monga mwa chizolowezi chawo. Ine ndinalimenya dzanjalo. Ndinalimenyadi, phaa, wodi yonse inamva. “Musawagwire! Si khoma lanu limeneli!” Bambo anabweza dzanja lawo n'kulipisa m'thumba la ovololo. Zimenezi ndinachita ine, mwana wawo mmodzi yekhayo, ndipo mpaka lero ndikazikumbukira ndimasowa poyang'ana.

Chimene chinandiumitsa mtima kwambiri chinali chilungamo chawocho. Akanangonama! Akanati anapeza kautsi kuseri kwa thabwa n'kukathira madzi, ndikanawakhululukira maliro asanathe. Ndinawafunsanso kawiri m'zaka zotsatira, ndikuwapatsa dala mpata woti aname. Yankho linali lomwelo: panalibe kanthu. Ine n'kumati, ndiye kuti mayi anafa okha chifukwa cha chinthu chimene kunalibe.

Ndinatenga makina a mayi n'kukachita lendi kwina. Patapita zaka ziwiri ndinakwatiwa ndi kalipentala, wokhoma madenga ndi masiling'i m'nyumba zosanja zatsopano. Tinabereka ana awiri. Bambo ankabwera kudzaona zidzukulu mwezi ndi mwezi, atanyamula masiwiti m'thumba limodzi ndi choko, moti anawo ankadya masiwiti oyera mbuu. Ndinkawapatsa mpando, kuwapatsa tiyi, n'kubwerera pamakina. Sindinkawathamangitsa, komanso sindinkakhala nawo pansi. Tsiku lina anandiuza mwaulemu kuti mulu wa nsalu uli pafupi kwambiri ndi simbi, ndiponso kuti tebulo latseka khomo lakuseri.

“Pano si kuntchito kwanu, bambo,” ndinatero osatukula n'komwe mutu.

“Pepa, Tsabola,” anayankha.

Dzina limenelo linkandilasa, koma ndinkachita ngati sindinamve. Amuna anga ankagwirizana kwambiri ndi apongozi awowo. Bambo akapita, ankandiuza kuti, “Mayi a ana, mkwiyo wakowu wamera imvi. Munthu uja akutha, sukuona?” Ine ndinkawayankha kuti za kwathu azisiye, iwo mayi awo alipo.

Akuthadi ankatha. Fumbi la zaka zonse zija linawalowa m'chifuwa. Kenako mphuno inasiya kumva fungo. Palibe amene akanadziwa, koma iwo anapita okha kwa kapitawo kukanena kuti, “Mphuno yafa, pezani wina.” Ntchito inathera pomwepo. Anasamukira kwa mlongo wawo, azakhali anga, m'kachipinda kakuseri. Azakhali akandiimbira kuti bambo ako chifuwa chawapanikiza, ndinkatumiza mankhwala ndi zipatso kudzera kwa amuna anga. Ndinkati ndatanganidwa ndi mayunifolomu a sukulu.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mwambi umenewu ndinkaunenera anthu ena.

Linali Lolemba masana, ndikusoka zipi pa siketi, foni inalira. Anali mnzawo wa amuna anga. Anati nyumba imene ankamanga yapsa, ndithamangire kuchipatala. Ndinatuluka ndi tepi yoyezera ili m'khosi.

Inali nyumba ya mashopu ya nsanjika zisanu, yotsala pang'ono kutha. Wowotcherera zitsulo ankalumikiza zogwirira za masitepe pansanjika yachiwiri, ndipo anamaliza 2 koloko. Wolonda moto analipo, ndowa zake zinaliponso, koma anakhala mphindi makumi awiri zokha n'kuchoka. Mbaliwali inali itagwera pansi pa lona, pamene panali utuchi ndi mapepala apulasitiki okutira matailosi, pafupi ndi zitini za penti. Inagona pamenepo theka la ola. Itadzuka, utsi wakuda unakwera ndi masitepe ngati m'chumuni. Masitepe enawo, a mbali ina, anali atawadzaza matabwa a siling'i kuyambira Loweruka, ati asanyowe ndi mvula. Amuna anga anali pansanjika yachinayi. Anatulukira pawindo n'kutsika ndi mapaipi a nsanja yomangira, mapaipiwo atatentha kale ndi moto wotuluka m'mawindo apansi. Anthu awiri sanatsike: wopenta wina, ndi bambo wina wopaka pulasitala amene ankadya nawo limodzi masana.

Amuna angawo ndinawapeza atagona, manja onse awiri atakulungidwa mabandeji mpaka m'zigongono. Adokotala anandiuza kuti moyo ulipo, koma zoti zala zidzagwiranso hamala tisadalire. Amuna anga anandiyang'ana, milomo itauma, n'kunena chinthu chimodzi chokha: “Apongozi akanakhalapo.”

Ndinatuluka m'wodimo kuti ndikalire kumene iwo sakundiona. Chinali chipatala chomwechija, khonde lomwelija, mabenchi omwewaja. Kumapeto kwa benchi kunali akazi awiri akulira amuna awo. Chapatali pang'ono panakhala bambo wina wachikulire, wa imvi, atavala ovololo, mutu uli m'manja, wapolisi ataima pambali pake. Mnzawo wa amuna anga uja anandinong'oneza kuti wolonda moto ndi ameneyo.

Sindikudziwa kuti ndinafika bwanji pamene anakhalapo. Ndinangozindikira ndamugwira kolala ya ovololo, ndikumugwedeza, wapolisi akundikoka.

“Munapita kuti? Ntchito yanu inali yongokhala pansi! Ola limodzi lokha! Simukanatha kukhala ola limodzi lokha?”

Bamboyo sanadziteteze. Anatukula nkhope, maso ali psuu. “Anandiimbira kuti mwana wanga wakomoka kusukulu, mayi,” anatero. “Ndinanunkhiza paliponse, panalibe kanthu. Ndinati ndikangomuona n'kubwerera. Panalibe kanthu, mayi, ngakhale utsi.”

Manja anga anamasuka okha. Mawu amene ndinangokuwawo anali akumvekabe m'khondemo, ndipo ndinawazindikira. Ndi omwe aja ndinakuwira bambo anga zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, kuseri kwa chitseko chomwecho, kungoti uyu ndimamukalipira chifukwa chochoka, bambo ndinawakalipira chifukwa chokhala. Uyu anachita zimene ine ndinkafuna kuti bambo achite. Anali munthu wabwino, wokonda mwana wake, ndipo pabenchipo panali akazi awiri amasiye. Ndinakhala pansi pasimenti pomwepo. Ndinaganiza za anthu khumi ndi mmodzi aja, amene sindinawaganizirepo ngakhale tsiku limodzi. Nawonso anali ndi akazi awo, amene madzulo a Lachinayi lija anawalandira amuna awo n'kumakangana nawo za zinthu wamba, osadziwa chilichonse. Mayi ankazidziwa zimenezi. Anandiuza ndi mpweya wawo womaliza, ine n'kuyesa kuti akungowaikira kumbuyo.

Mukuganiza kuti ndinathamangira kwa bambo tsiku lomwelo? Ayi ndithu. Amuna anga ankafunika kuwadyetsa, kuwamwetsa, kuwasambitsa, zimenezo n'zoona. Koma chenicheni chinali manyazi. Ndikayamba bwanji? Ndinkakonza mawu ndikuchapa, ndikukolopa, ndili mu minibasi, onse ankaoneka operewera. Ndinati ndipita Lamlungu ndi ana, kuti pakhale poyambira.

Lachisanu m'mawa azakhali anaimba. “Iwe mwana, ngati uli ndi mawu ndi bambo ako, bwera lero. Za Lamlunguzo ine sindikuziona.”

Ndinafika dzuwa lili paliwombo. Kachipinda kawo kanali kakang'ono koma kosesedwa bwino. Bedi linali kutali ndi windo, njira yochokera pabedi kupita kukhomo inalibe ngakhale nsapato. Pansi pa windo panali ndowa ya mchenga. Pakampando panali wotchi ija ndi kachidutswa ka choko. Bambo anali atatha, atatsala mafupa okhaokha, chifuwa chikulira ngati chitseko chosowa mafuta. Azakhali anati kuyambira dzulo mutu sukugwira, akumalankhula ndi anthu a kuntchito.

Ndinagwada pambali pa bedi. “Bambo, ndine. Ndabwera.”

Maso anali otsegula koma ankayang'ana kudenga.

“Bambo, ndinalakwa. Munachita bwino kukhala. Mukundimva? Ndinakulakwirani, ndikhululukireni.”

Ndinabwereza katatu, ndikulira ngati kamwana. Mawu amene ndinawaumira zaka zisanu ndi zinayi ndinawakhuthula onse, koma sankalowa. Bambo anali kwina. Dzanja lawo linkafufuza pabondo, pamene pankakhala wotchi. Kenako milomo inagwedera, ndinasendeza khutu.

“Atsika?”

“Ndani, bambo?”

“Akumwamba aja. Khumi ndi mmodzi. Atsika?”

Ndinayang'ana azakhali, iwo anaphimba kukamwa ndi nsalu. Ndinazindikira kuti bambo akadali pa buloko paja, Lachinayi lija, wotchi ili pabondo. Mwina sanachokepo n'komwe zaka zonsezi.

“Sanatsike, bambo,” ndinatero, chifukwa kwa munthu amene anakana kundinamiza sindikanatha kunama. “Koma ali bwino onse. Palibe utsi.”

“Ola silinakwane,” anadandaula, misozi ikutsikira m'makutu. “Mayi ako akundidikira. Nditani ine? Palibe wotsala.”

Ndinatenga wotchi pakampando paja n'kuiika pabondo langa. Ndinagwira dzanja lawo, lomwe lija ndinalimenya, n'kuligunditsa pawotchiyo kuti aimve.

“Wotsala alipo, bambo. Nditsala ndine. Pitani, akukudikirani.”

Mutu unatembenuka pang'onopang'ono. Anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali, nsidze zitakwinyika, ngati mmene ankayang'anira khoma lokayikitsa.

“Tsabola?”

“Ndine, bambo.”

“Iwe ndiwe wopupuluma,” anatero. “Lathunthutu. Osachoka pasanazizire.”

“Lathunthu, bambo. Sindichoka.”

Anapuma mozama, mapewa n'kutsika. Sanalankhulenso. Wotchi ikuti 2 koloko yatsala ndi mphindi zisanu, chifuwa chija chinangoti zii.

Azakhali analira, anthu oyandikana nawo anayamba kulowa, wina anati ndituluke kaye kuti akonze m'chipindamo, wina anati pali mafoni oti ndiimbe. Ndinawauza kuti adikire. Ataumirira ndinawakalipira, ndipo pondidziwa mmene ndilili anandisiya. Ndinakokera kampando pafupi ndi bedi n'kukhala, wotchi ili pabondo. Ngati anamva kupepesa kwanga, sindikudziwa, ndipo sindidzadziwa. Chimene ndikudziwa n'choti anandisiyira ntchito yawo, imene sanaisiyirepo munthu wina aliyense.

Mphindi khumi zilizonse ndinkadzuka n'kugunda chipumi chawo ndi kuseri kwa dzanja. Ulendo woyamba chinali chofunda. Wachiwiri chimodzimodzi. Ndinawapukuta nsidze ndi kansalu, ngakhale munalibe fumbi. Panja ana ankachokera kusukulu, wina ankatsatsa makala, m'nyumba yoyandikana nayo wailesi inkalira mpaka wina anakaitseka. Ola ndi lalitali, anthuni. Sindinkadziwa kuti ndi lalitali choncho ukamalikhalira pansi mtima uli kwina.

Itatsala mphindi zisanu kuti ikwane 3 koloko, ndinagundanso komaliza. Panali patazizira. Ndinaika choko chija m'thumba langa, ndinatsegula chitseko, n'kuwauza kuti tsopano akhoza kulowa.